Thonje Likanandiuza Kuti Si Khate

Ine ndinachotsa mwana wanga pa bere n'kumupereka kwa wina chifukwa cha matenda amene ndinalibe. Ndayambira pamenepo, inu owerenga, kuti musadabwe mukamva kuti gogo wa nthungululu uja, amene sasowa pa ukwati ndi pa chinamwali cha nsondo, lero akulemba zolira. Kwathu ku Ngokwe amandidziwa ndi kukhosi. Ndikafika pakhomo, ngakhale nkhuku zimadziwa kuti kwabwera nyimbo. Koma iyi yokha ndiimba motsitsa.

Zinali zaka zija za makadi a chipani, sitima itangoyamba kudutsa kupita ku Nayuchi. Amuna anga anali ku Joni, ine ndili ndi khanda kumbuyo, mwana wanga woyamba, dzina lake Patuma. Ndinkalima thonje, ndinkaimba. Ndinali ndi kanyimbo komugonetsera kamene ndinapeka ndekha m'munda:

Gona Patuma, mwana wa m'thonje,
dzuwa ndi langa, mthunzi ndi wako.

Ndiye kunabwera kuyabwa. Kunayambira pamkono, pamene pamakhala chibangili, kenako m'akakolo, kenako kumsana m'munsi. Tiziphuphu take tinali tachilendo, tophwatalala pamwamba, tonyezimira ngati tapakidwa mafuta, mtundu wake ngati nthudza yakupsa. Mafinya iyayi, madzi iyayi, kuyabwa kokhakokha. Ndinkakanda ndi chitsononkho mpaka misozi. M'kamwa, mkati mwa masaya, munatuluka timizere toyera topingasana ngati ukonde wa kangaude. Tsabola amene ndinkamukonda uja anasanduka khala lamoto.

Ndinapita kwa sing'anga wina, ananditema mphini m'mikono n'kupakamo mankhwala akuda. Mphinizo zitangouma, tiziphuphu tija tinamera momwemo, mzere ndi mzere mmene linadutsa lumo, ngati mbewu zodzala pa chingwe. Amjomba anga, eni mbumba yathu, ataona anabwerera chafutambuyo.

"Matenda oyenda pamzere ngati asilikali? Iwe mwana wa mlongo wanga, ili ndi khate. Mwanayo achoke pa bere lero lomwe, ungatithere mbumba."

Inu a masiku ano simungadziwe kulemera kwa mawu amenewo. Anthu ankati wakhate akamutengera ku Utale, kumene ankathandiza odwala khate, ndiye kuti watsanzika. M'mudzi mwathu palibe anali atafikako, koma aliyense ankalankhula ngati anaona. Ine sindinafunse wina aliyense. Achemwali anga aakulu, okwatiwa ndi bambo wa ntchito ya njanji ku Nkaya, analibe mwana. Anabwera, anamuberekera kumbuyo kwawo. Ndinawaperekeza ndili patali, manja kumbuyo, kuopa kumugwira. Patuma ankatembenuka kundifuna, ine mkaka ukunyowetsa nsalu.

Ndinasamukira m'kamsasa ka kumunda. Mbale yanga, chikho changa, chakudya ankandisiyira pa chitsa. Ntchito yanga inali kudikira kuti zala ziyambe kuduka. M'mawa ndikadzuka ndinkaziyang'ana, zonse zilipo, ndiye ndinkati zikungochedwa. Thonje linaphulika, ndinatola, ndinazula mitengo yake n'kutentha. Ndinadzalanso, linaphulikanso, ndinatolanso. Amuna anga atamva mbiri kwa anzawo obwerera kumudzi, sanabwerenso. Kuchipatala ndinkakuopa kuposa matendawo. Nyimbo zinauma kukhosi.

Amene anandichotsamo ndi ayufi, anyamata a chipani aja, mungaseke. Kunali kukonzekera magule a msonkhano waukulu ku boma, ndipo amayi acheya a dera lathu anadandaula kuti nyimbo sizikunyamuka popanda wa kukhosi uja. Anyamatawo anandipeza ndikupalira.

"Mayi, mwabisala kuno kuthawa gule? Tiyeni ku lole!"

Ndinangovundukula mikono. Anamwazika ngati mpheta, wina anasiya ndi chipewa chomwe. Koma amayi acheya, mayi wa Chikatolika amene kwawo kunali cha ku Utale komweko, anayandikira n'kuima pafupi, ine ndikukanda osaleka.

"Wakhate wanji wokanda chonchi? Iwe, kwera kumbuyoko, tikakusiye kuchipatala. Ukachira udzatilipira ndi nyimbo."

Kuchipatalako adokotala anandiyang'ana mikono, miyendo ndi zikhadabo, anandiunika m'kamwa ndi tochi, anapapasa kuseri kwa chigongono. Anafunsa ngati pali mapiritsi amene ndakhala ndikumwa nthawi yaitali, akuti ena amatulutsa ziphuphu zofanana ndi zimenezi. Ndinati iyayi. Kenako anatsegula kabotolo n'kutulutsa kathonje. Thonje, inu owerenga! Thonje lomwelija ndinalisiya mbwee kumunda.

"Tsinzinani, amayi. Muziloza pamene ndakhudza."

Anakhudza pa chiphuphu, ndinaloza. Pa banga, ndinaloza. Pa kakolo, ndinaloza. Sindinaphonye ndi pamodzi pomwe.

"Khate limapha khungu, amayi. Banga lake silimva thonje, ndipo kawirikawiri siliyabwa. Lanuli lili moyo, likuchita kulongolola."

Anadula kachikopa kakang'ono ngati njere ya mapira n'kutumiza kutauni kuti akatsimikize. Yankho litabwera anandiuza dzina lake, laikeni pulenasi. Ine ndinayesa akunena mzungu wa ku esiteti ya fodya. Anaseka, anati dzinalo likufanizira ndere zomera pa khungwa la mtengo. Anati matendawa amakonda kutsata pamene khungu lavulala, n'chifukwa chake anafola m'mphini zija. Sapatsirana, kaya pa mbale, kaya pa mphasa. Anatinso ngakhale likanakhala khate lenilenilo, mankhwala ake alipo, munthu amachira akafulumira.

Ndinafunsa kuti nanga mwana woyamwa.

"Akanayamwa bwinobwino mpaka kukhuta. Ali kuti mwanayo?"

Ndinangokhala pansi pa simenti.

Anandipatsa mafuta opaka pang'onopang'ono pa ziphuphu pokhapo, mapiritsi oziziritsa kuyabwa ndi mankhwala a m'kamwa. Anandiletsa kukanda, anandiletsa lumo, anati tsabola ndiyambe ndamusiya. Kuyabwa kunazirala, ziphuphu zinaphwa, kunatsala mawanga akuda amene ena akuonekabe mpaka lero. Amjomba atamva anangoti Mulungu ndi wamkulu, n'kuyang'ana kumbali. Amayi acheya ndinawaimbiradi, nyimbo zinanyamuka.

Ndiye ndinakwera sitima ya ku Nkaya. Ee, tsiku limenelo ndinaimba! Ndinaimba pa Liwonde, ndinaimba powoloka Shire, amayi ogulitsa nthochi akuvomera, mpaka woona matikiti anati mayi inu mwapambana chiyani. Ndinati ndikukatenga mwana wanga.

Ndinamupeza akuthamanga pabwalo, mano ali mbee, akulankhula bwinobwino. Ndinagwada, ndinatambasula manja, ndinayamba kanyimbo kake kaja. Anaima. Anayang'ana mikono yanga, osati nkhope. Kenako anakuwa n'kukabisala m'chitenje cha achemwali.

"Amama! Amama! Kwabwera mayi wa mawanga!"

Achemwali anamunyamula n'kuyamba kumugwedeza ndi nyimbo yawo:

Pita sitima, pita ku Limbe,
usadzutse mwana wa pa Nkaya.

Mwana ziii, mutu pa phewa lawo.

Achemwali sanandikanize, Mulungu awakhululukire machimo kumene aliko. Anamumangira tizovala take akulira, ndinapita naye ku Ngokwe. Koma mwana anakana kudya, anakana kusewera, ankangokhala pakhomo kuyang'ana njira. Anayamba kuonda ndikuona. Ndinamubereka ndekha, ndinakwera naye sitima yomweija kukamubweza ku Nkaya, ulendo uno osaimba. Poyamba paja anandilamula amjomba. Kachiwirika palibe anandilamula, ndipo ndi kamene kamandiwawa kwambiri.

Ndinakwatiwanso, ndinabereka ena, zidzukulu zadzaza bwalo, Alihamudulila. Patuma ndi mayi wamkulu tsopano, waulemu wake. Akabwera amagwada, amanditengera shuga, amanditchula kuti amayi a ku Ngokwe. Amama anali amodzi, tinawaika m'manda ku Nkaya.

Tsono inu owerenga, makamaka inu ana anga oyamwitsa, khungu likatuluka zachilendo musalole kuti matenda awatchule dzina ndi munthu woima patali, ngakhale akhale mjomba wanu. Musateme mphini pa ziphuphu, mukuzitsegulira njira. Musabisale kumunda. Pitani msanga akakuoneni odziwa, ndipo mwana musamuchotse pa bere musanamve kwa iwo. Ine ndinagona pakati pa thonje, ndinalitola ndi manja omwewa, osadziwa kuti kachidutswa kamodzi kakanandisiyira mwana wanga.

Chaka chatha ndinapita kukaona khanda la mwana wake wa Patuma. Linayamba kulira, Patuma analinyamula n'kuyamba nyimbo ya sitima ija. Ananditembenukira akumwetulira.

"Amayi a ku Ngokwe, tavomerani, inu ndinu a mawu abwino."

Ine amene ndatsogolera nyimbo moyo wanga wonse, ndinaomba m'manja, ndinavomera.