Dayamondi wa Mayi a Mapasa

Mayi a mapasa anakwatiwa ndi munthu wosakhutitsidwa msanga, ndipo zimenezi anazidziwa pa tsiku la ukwati lomwelo. Mkwati anawaveka mphete yagolide yokongola ndithu, koma pamwamba pake, pamene pamayenera kukhala mwala, panali tizala tinayi titangoyasama, tosagwira kanthu.

"Dayamondi wake ndikufunafunabe," anawanong'oneza mkwatiyo. "Inu sindingakuvekeni mwala wamba ayi."

Zinatha zaka makumi atatu ndi ziwiri akufunafunabe.

Sikuti miyala inkasowa. Ntchito ya bambowo inali yomweyo. Ankakhala kuseri kwa sitolo yogulitsa mphete ndi ndolo, pa katebulo koyala nsalu yakuda, n'kumayesa dayamondi aliyense wolowa ndi wotuluka. Anthu ankawatchula kuti a Kadiso, chifukwa cha kagalasi kokuza zinthu kamene sikankachoka pa diso lawo lakumanja. Ngakhale akakachotsa, diso linalo linkakhalabe lotsinzina pang'ono, moti alendo ankayesa kuti bambowo akuwatsinzinira dala. Vuto linali limodzi lokha: mwala umene thumba lawo likanakwanitsa unkapezeka ndi chilema, ndipo wopanda chilema unkaposa thumba.

Mayi a mapasa anali mphunzitsi wa ana ang'onoang'ono. Za miyala sanazifune, koma anaziphunzira mokakamizidwa pa tebulo lodyera. A Kadiso akangosamba m'manja, phunziro linkayamba.

"Lero kunabwera bambo wina wa suti, wagula chimwala chachikulu, akuyenda mapewa m'mwamba. Nditachiyang'ana, pakati pali bii! Anachidula mozama kwambiri. Kulemera konse kwabisala kumimba, kumene diso silifika. Walipira mimba, amayi. Mimba!"

"Idyani, bambo, zikuzizira."

"Ndiye pali ena amadula mophwatalala kuti uoneke waukulu. Kuwala kumalowa pamwamba n'kutulukira pansi ngati madzi m'dengu. Mwala wodulidwa bwino umabweza kuwala kumaso kwa munthu. Zina zonsezo ndi phokoso la ogulitsa."

Mapasa aja anakula akudziwa kuti dayamondi samuyang'anira pansi pa magetsi a m'sitolo, poti magetsi amenewo amawalitsa ngakhale phale la botolo, koma amapita naye pawindo. Ankadziwanso kuti kambali kathyathyathya ka pamwamba kayenera kukhala pakatikati penipeni, ndipo kuti miyala iwiri yolemera mofanana siyenera kufanana mtengo. Kumaukwati, akazi a pachibale akaona a Kadiso akubwera kudzapereka moni, ankabisa manja kumbuyo. Mlamu wawo wina anachedwa kubisa, ndipo sanawalankhule chaka chathunthu.

Mphete ija inkakola majuzi ndi tsitsi la ana, mpaka mayi a mapasa anaitsekera m'kachitini ka mabatani.

"Ndikadzafa mudzandiveke yomweyi," ankatero. "Mwina tizalato tidzagwirako kamwala ka kumanda."

Ankanena akuseka, koma zinkawawawa. Munthu amene tsiku lililonse ankagwira miyala ya akazi a eni, wake anali ndi chala chopanda kanthu.

Chaka chathachi mayiwo anayamba kuona zina. Tsiku lina a Kadiso anathira tiyi pambali pa kapu. Tsiku linanso anapereka moni waulemu kwa jekete lopachikidwa kuseri kwa chitseko. Kenako mwini sitolo anawachotsa pa katebulo kaja n'kuwaika kutsogolo, akuti azilandira makasitomala chifukwa ndi munthu wodziwika. A Kadiso za maso awo sanazitchule, mayi nawonso sanafunse. Koma mantha anali nawo, chifukwa ulemu wonse wa amuna awo unali m'diso limodzi lija.

Loweruka lina m'mawa bambowo anatulukira kukhitchini atavala tayi.

"Siyani mbalezo, amayi. Valani. Ndaupeza."

"Mwapeza chiyani?"

"Tengani mphete ija."

Mayi a mapasa anakhuthulira mabatani onse pabedi.

Wamalonda amene anali ndi mwalawo ankagwira ntchito m'kachipinda ka pamwamba pa nyumba ina yosanja, ka zitseko ziwiri zachitsulo ndi windo limodzi. Anali bambo wadazi, wa pakamwa pa shuga. Anatambasula kapepala kopindapinda, ndipo pakati pake panali kamwala kakang'ono ngati njere ya mphesa, kakuthwanima.

"Mayi, amuna anuwa andizunza zaka zambiri," anatero wamalondayo. "Ndawaonetsa miyala yosawerengeka, yonse akungoipukusira mutu. Uwu wokha angoti, sungani."

A Kadiso anatola mwalawo ndi kachitsulo kopanira, n'kupita nawo pawindo. Anaika kagalasi pa diso, natembenuza mwalawo uku ndi uku.

"Kadulidwe kake n'kosalakwika," analengeza. "Mbali zonse zikuyankhana. M'kati ndi moyera ngati madzi akumwa. Bwerani, amayi, mudzaone chimene munadikira."

Kagalasiko mayi anali asanakagwirepo. Ngakhale pokonza m'nyumba ankakazungulira. Tsopano a Kadiso anakaika okha m'dzanja lawo, n'kuwauza kuti akagundike ku diso, mwala auyandikize pang'onopang'ono. Poyamba anangoona chifunga. Kenako zonse zinayera, ndipo anaona timbali tambirimbiri tikung'anima. Kuwala kunkabwereradi kumaso, pakati panalibe mdima. Mtima unadumpha ndi chimwemwe.

Koma zaka makumi atatu ndi ziwiri za maphunziro a pa tebulo sizinapite pachabe. Kambali ka pamwamba kaja sikanali pakati, kanapendekera mbali imodzi. Ndipo chakumphepete kunali kadontho kakuda, kooneka bwinobwino ngati nyerere m'shuga. Zinthu ziwiri zimenezi a Kadiso akale akanaziona asanamalize n'kupuma komwe.

Mayi a mapasa anakhalabe choyang'ana m'kagalasimo, mwala osauonanso. Chisoni chinawagwira. Akanena, amuna awo achita manyazi pamaso pa munthu amene zaka zonsezi ankaopa diso lawo. Akapanda kunena, wadaziyo awadyera masuku pamutu.

"Mwauona?" anafunsa a Kadiso.

"Ndauona, bambo. Ndi wokongola." Anatsitsa kagalasi. "Koma kukhosi kwauma. Masitepe aja andimaliza. Pansipa ndinaona kasitolo, mungakandigulireko madzi?"

Zitseko ziwiri zija zitatsekeka, mayi anatembenukira kwa wamalonda ndi nkhope imene ankaonetsa ana osalemba ntchito ya kunyumba.

"Achimwene, mtengo munawauza uja ndi wa mwala uti?"

"Womwewu, mayi. Mtengo wachibale."

"Wachibale? Kambali ka pamwamba kapendekeka. Kumphepete kuli kadontho kakuda. Inu simunazione?"

Wamalonda anapukuta dazi lake ndi mpango. "Mayi, inunso mumagwira ntchito imeneyi?"

"Ine ndimaphunzitsa ana kuwerenga. Yankhani funso."

"Kadonthoko n'kakang'ono. Kakhoza kubisika pansi pa kachala ka mphete."

"Kabisike, koma ine sindilipira ngati kulibe. Kuwala ukubweza bwino, zimenezo sindikana, n'chifukwa chake ndidakali pano. Muchotse gawo limodzi mwa magawo anayi."

"Mayi, mundipha!"

"Simufa. Munaona kuti maso awo afooka, ndiye munati mupezerepo mwayi. Kodi amalonda anzanu a m'nyumba muno akamva, adzati chiyani?"

A Kadiso pobwera ndi botolo la madzi anapeza wamalonda akulemba risiti mwakachetechete, thukuta lili kamukamu.

"Ndachotsako pang'ono, akulu," anatero osadzutsa mutu. "Mphatso ya mayiwa."

A Kadiso anabweretsa risitiyo pafupi ndi mphuno, naiwerenga nthawi yaitali. Analipira, nasiya mphete kuti mwala uikidwemo, ndipo awiriwo anatsika masitepe.

Anakakhala pa benchi podikirira basi. Magalimoto ankadutsa, mayi akumwa madzi amene sankawafuna.

"Munthu uja ndamudziwa kalekale," anayamba a Kadiso, akuyang'ana kutsogolo. "Sangachotsere mtengo ngakhale mayi ake omubereka. Munaonamo chiyani?"

Mayi a mapasa anafuna kunama, koma bodza linakana kutuluka. Anawauza zonse ziwiri.

"Kadonthoko kali pati?"

"Kumphepete, pafupi ndi pamene mwala wakula kwambiri."

"Kakuda kapena koyera?"

"Kakuda."

"Ndiye mwamusiyira zambiri. Akanachotsa gawo limodzi mwa atatu." Anayesa kuseka, koma kuseka sikunafike patali. Anavula tayi n'kuipinda pabondo. "Ine ndimangoona kuwala, amayi. Miyezi isanu ndi umodzi tsopano. Ndinaopa kuti ndikachedwanso sindidzaona n'kuwala komwe, inu mudakali chimanjamanja. Tikaubweze. Si umene ndinakulonjezani."

"Mukabweze wanu. Uwu ndi wanga, ndauyesa ndekha, ndipo ndaukonda."

Bambowo anaika tayi ija m'thumba. Basi inatulukira pakona, ndipo anthu anayamba kuimirira. A Kadiso anatsinzina, nasuzumira, natsinzinanso. Kenako, kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo wonse, anafunsa munthu wina kuti awaonere.

"Imeneyo ndi yathu?"

"Ndi yathu, bambo."

"Ndigwireni mkono pokwera," anatero. "Sitepe yake sindikuiona."