Dzanja la Clotilda

Inu amene mukuona ngati thupi lanu lomwe lakukanani, tamvani za Clotilda wa ku Mtakataka.

Sitiroko inamugwira atangotuluka m'chikuta, mwana wake woyamba Amosi asanathe ndi mwezi womwe. Anabwerako kuchipatala akukoka mwendo, dzanja lamanja litafumbata ngati labisa kanthu. Mwendo unachira msanga. Dzanja linakana.

Za khasu ndi mtondo sankaziganiza kwambiri. Chimene ankalakalaka chinali kubereka mwana wake kumbuyo, koma nsalu simangika ndi dzanja limodzi. Mlamu wake Flora ndiye ankabereka Amosi. Clotilda ankakhala pakhonde n'kumayang'ana kamutu ka mwanayo kakugwedera pamsana pa munthu wina mpaka atakhotera kumjigo. Amosi akalira, ankatambasulira timanja take kwa Flora.

"Bambo a Amosi," anafunsa mwamuna wake Cosmas tsiku lina, "kodi mwanayu akudziwa kuti mayi ake ndine?"

Cosmas anangopopa njinga n'kumukweza, ulendo wa kuchipatala cha ku Mua kukachita mafizo olimbitsa ziwalo.

Kumeneko a Naomi, dokotala wa mafizo, anamumanga pamkono kachipangizo konga wotchi kamene kanabwera ndi anthu a kafukufuku. Kankanjenjemera pang'onopang'ono ngati foni ili m'thumba.

"Mayi, aka si mankhwala," anatero a Naomi. "Kazingogogoda kuti ubongo ukumbukire kuti kuno kuli zala. Ntchito yeniyeni ndi yanu. Ndipo sindikulonjeza kuti zonse zibwerera."

Kumudzi anthu ankaseka kuti wavala wotchi yosanena nthawi. Iye sanakavule. Cosmas ankakatchaja pa sola ya aneba, ndipo Clotilda ankakhala ndi mbale ya njere za malambe, kuyesa kutola imodzi kuti aponye m'kapu. Njere zinkamwazika, iye n'kuyambanso. Mvula inagwa, anthu anakolola, kenako chala chachikulu chinayamba kumvera. Kafukufuku atatha anabweza kachipangizoko, koma mbale ya njere sanaisiye.

Tsiku limene anamanga yekha mfundo ya nsalu, anagwada n'kuitana Amosi kuti akwere. Koma mwanayo anali atakula, akuthamanga kale ndi anzake.

"Ayi, ndiyenda ndekha!" anatero, n'kuthawa.

Clotilda anapita kuseri kwa nyumba kukalira. Miyezi ija inali itapita, ndipo palibe amene akanamubwezera.

Tsiku lina la msika ku Golomoti, Clotilda ndi mwana wake ataima m'mbali mwa msewu, Amosi anaona bambo ake kutsidya n'kulumphira pa phula, minibasi ikubwera ndi liwiro. Kumanzere Clotilda anali atanyamula jumbo la tomato. Asanaganize chilichonse, dzanja lamanja linatambasuka, linagwira mkono wa mwanayo n'kumukokera kumiyendo yake. Minibasi inadutsa hutala ili pii.

"Amama, kuwawa!" analira Amosi.

Clotilda anayang'ana zala zake zitamira pa kamkonoko. Anaseka misozi ikutsika, koma sanamutaye mpaka kunyumba.

Lero zala ziwiri zikadali zouma, ndipo akaona mayi atabereka khanda amayang'anabe nthawi yaitali. Zina zimene matenda alanda sizibwerera, n'zoona. Koma inu amene mukulimbana ndi chiwalo chosamva, tolaninso njere ina lero. Simukudziwa tsiku limene dzanjalo lidzafunike. Osataya mtima.