Kachitseko ka m'Chumuni

Chaka chimene tinamanga chitofu cha njerwa m'khitchini mwathu ku Dambe, nkhuni zinkatha ngati wina akuziba. Chumuni chake chinali paipi yalata yotulukira padenga. Mphepo ya mu Juni ikawomba, moto unkangolira kuti wuu, kutentha konse n'kuthawira kumwamba. Masikono anga ankapserera pansi, pamwamba ali osapsa.

Alamu anga, akulu awo a amuna anga, anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni. Anachizungulira chitofucho manja ali kumbuyo.

"Mlamu, vuto lake n'laling'ono," anatero. "Chumunichi chikufuna kachitseko m'kati. Mukakapotoza pang'ono, mphepo ichepa, nkhuni zikhalitsa. Kwa abwana anga kunali kotero."

"Munakapangapo inuyo, alamu?"

"Ndinkakaona tsiku ndi tsiku."

Anazula paipi ija, mwaye wonse n'kuwakhuthukira kumaso. Sanafooke. Anadula chivundikiro cha chitini cha penti, anaboola paipi uku ndi uku ndi msomali, n'kulowetsa sipoko ya njinga yogwira kachitsekoko. Kunena zoona, kanagwira ntchito. Kungoti mabowo anakula, sipoko inkagwedera.

Lachinayi lotsatira amayi a kumpingo anasonkhana kwathu. Kunja kunali chiperoni, ndiye tinadzazana m'khitchini momwemo, moto ukuyaka, masikono ali mu uvuni. Ine ndinapanikizidwa pakona. Amayi busa anaima pakhomo, pamene pankalowa kamphepo, n'kuyamba kulalikira za miseche.

Mphepo inagwedeza paipi. Ndinamva kuti khwe! Sipoko yatembenuka yokha, kachitseko katsekeratu. Utsi unayamba kutuluka kukamwa kwa chitofu n'kumayala pamitu pathu. Kuti ndikafike pa sipoko paja ndinayenera kudumpha miyendo ya azimayi akuluakulu, mawu a Mulungu ali m'kati. Ndinangokhala.

Misozi inayamba ndi amayi a pafupi ndi moto, kenako tonse. Amayi busa ataona zimenezi mawu anakwera.

"Lirani, amayi, lirani! Lilime lakupwetekani nthawi yaitali!"

Mayi wina wachikulire, amene ankatsogolera nyimbo, anakweza dzanja uku akutsokomola. "Amayi, tikufa kuno."

"Inde, tikufa! Tonse tidzafa! Nanga tikayankha chiyani?"

Wina kumbuyo anati ameni, koma anamalizira ndi chifuwa. Imene inatipulumutsa ndi nkhuku yanga imene inkafungatira mazira m'dengu kuseri kwa nkhuni. Iyo za ulemu inalibe nazo ntchito. Inabuluka ndi phokoso, kuponda pamutu pa msungichuma, n'kudutsa pakati pa miyendo ya amayi busa. Tonse tinaitsatira, wina nsapato kumanja, wina chitenje chikukwekwereka m'matope.

Tili panja, amayi busa anatembenuka n'kuona utsi ukufuka pakhomo, kuchumuni kulibe kanthu. Kenako anaseka mpaka kugwira khoma.

"Ine ndimati lero ndiye ndalalikira," anatero.

Madzulo alamu anabwera kudzaona. Anaigwedeza sipoko ija, nkhope ili yonyadira.

"Mwaona kutseka kwake? Utsi sunadutse ngakhale pang'ono, eti?"

Amuna anga anatola bawuti yakale ya ngolo, n'kuimangirira kunsonga kwa sipoko kuti izilemera, isamatembenukenso yokha. Mpaka lero ikulendewera pomwepo, ndipo mlendo aliyense amafunsa kuti ndi mankhwala a chiyani.