Lamulungu Lija Ndinasowa Phiri ku Kelimane

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka ngati khumi ndi ziwiri pamene ndinayamba kuchita nawo manyazi bambo anga. Ndikunena poyera, poti ndakalamba ndipo palibenso wondikwapula.

Ife ndife Alomwe. Makolo anga anawoloka mtsinje wa Muloza ine ndili kumsana, kuthawa njala ndi zikoti za asipayi, apolisi achikuda a Apwitikizi, n'kudzakhala ku Limbuli m'munsi mwa phiri la Mulanje. Pakhomo tinkalankhula Chilomwe, ndipo bambo ndinkawaitana kuti Atithi, monga aitanira mwana aliyense wa Chilomwe. Tsiku lina ndili pasukulu ya mishoni, iwo anadutsa pamsewu atatsogolera anthu osenza fodya, ine n'kufuula ndi chimwemwe, "Atithi!" Ana onse anafa nacho chiseko, n'kunditcha dzina lonyozera Alomwe. "Tamverani Kanguru aka! Atiti, atiti, ngati kamwanapiye!" Kuyambira tsiku limenelo ndinkangoti Abambo, kusukulu ndi kunyumba komwe. Iwo sanandifunse chifukwa. Ankayankha ndithu, koma mochedwerapo pang'ono, ngati munthu amene waitanidwa ndi dzina la mnzake.

Bambo anali kapitawo wa amtengatenga a wamalonda wina wachisilamu wa kwathuko. Chilimwe chilichonse ankapita ndi fodya ndi phula ku Kelimane, mzinda wa Apwitikizi wa kufupi ndi nyanja yamchere, n'kubwerako ndi nsalu ndi mchere. Chaka chotsatira, sukulu itatsekera, anangoti, "Iwe, ulendo uno upita nawo. Ukaone kumene umachokera mchere umanyambitawu." Tinayenda masabata awiri ndi masiku angapo. Amayi ophikira ulendo ankandiopseza m'njira kuti mwana akasochera mumzindamo, asipayi amakamupereka kunyumba za Apwitikizi kuti azikatsuka mbale, ndipo kwawo sabwererako. Ine ndinkangoseka. Mwana wasukulu n'kusochera?

Tinafika Loweruka madzulo. Kutacha linali Lamulungu, kumeneko amati Dumingu, ndipo sikelo yoyezera katundu inali yotseka. Bambo anasamba, anavala malaya awo oyera, anapinda kalata ya ulendo n'kuiika m'thumba. "Lero kulibe mtolo," anatero. "Tiye tikadyetse maso."

Tinayenda pang'onopang'ono, opanda kothamangira. Misewu inali yowongoka, yamchenga, mitengo ya kokonati uku ndi uku. Nyumba zinali zopaka laimu, madenga ake a mapale ofiira, ndipo mpweya unali wolemera, wonunkha nsomba ndi matope. Bambo anandigulira buledi wotentha amene ankamutcha pawu, wolimba kunja, wofewa mkati. Kenako mayi wina anatisemera kokonati wamuwisi. Nditamva kuti muli madzi ndinati akundinamiza, ndipo ndinamuzungulitsa kufunafuna pamene anathirirapo. Mayiyo anaseka mpaka kugwira nthiti.

Kudoko tinapeza ngalawa zitagona pamatope, mtsinje utathawa. Tinakhala pamthunzi kuonerera anthu akutuluka m'tchalitchi choyera cha m'mbali mwa mtsinje, akazi a Apwitikizi akukwera machila, maambulera m'manja ngakhale kunalibe mvula. Pocheuka, madzi aja anali atabwerera, ngalawa zonse zikuyandama. Ndinatapa pang'ono kuti ndilawe, n'kulavula. Ndiwo zake zinali zitachuluka mchere.

Chimene ndinaona koma osafuna kuchiona n'chakuti bambo anali munthu wina tsiku limenelo. Opalasa ngalawa, osenza machila, amayi ogulitsa nkhanu, ambiri ankamva Chilomwe, ndipo bambo ankacheza nawo mokweza, akuseka mano onse pamtunda. Kwathu ankalankhula motsitsa mawu. Wina akandifunsa kanthu m'Chilomwe ndinkayankha m'Chinyanja, n'kuwonjezerapo "yesi" kuti adziwe kuti ena tinapita kusukulu.

Dzuwa litapendeka kunamveka malipenga ndi ng'oma. Anali asilikali akuguba, mabatani akung'anima, khamu la ana likuwatsatira. Bambo anali pakati pa nkhani ndi mkulu wina wa kwawo kwakale. Ndinati ndingoona pang'ono. Ndinakhota msewu umodzi, wachiwiri, mwina wachitatu, mpaka asilikali analowa mumpanda, ana onse n'kubalalika.

Mantha ndinalibe, ndipo chifukwa chake mwana wa ku Mulanje yekha ndiye angachimvetse. Kwathu munthu sasochera. Ukasokonezeka m'tchire kapena m'munda wa tiyi, umangodzutsa mutu, phiri lili apo, ndipo limakuuza kumene kuli kwanu. Chibadwire ndinali ndisanaphunzirepo kusunga njira m'mutu. Ndiye ndinadzutsa mutu. Kokonati. Ndinatembenuka. Kokonati. Mbali zonse zinayi dziko linali lathyathyathya ngati mphasa, misewu yofanana, nyumba zofanana. Mayo ine, phiri kunalibe.

Ndinathamanga uku, ndinathamanga uko, mpaka dzanja linandigwira pamkono. Anali msipayi, chisoti chofiira kumutu, chikoti m'chiuno. Anandifunsa m'chilankhulo chofanana ndi Chisena kuti ndine mwana wa yani. Ndinafotokoza m'Chinyanja, ndinathirapo Chingerezi changa chonse, mawu ake osakwana zala za dzanja limodzi. Iye anangopukusa mutu n'kuyamba kundikoka kulowera ku nyumba yaikulu ya mbendera. Nkhani ya mbale ija sinalinso yoseketsa.

"Abambo! Abambo!" Ndinakuwa mpaka kukhosi kuwawa. Amuna angapo anacheuka, anandiyang'ana, n'kupitiriza ulendo wawo. Chipata chinali pafupi, ndinkaona ngakhale dzimbiri la pa zitsulo zake. Pamenepo sindinaganize za sukulu kapena za wina aliyense. Mawu anangotuluka okha kuchokera m'mimba.

"Atithi! Atithiii!"

Sindinaonepo munthu wamkulu akuthamanga chotero. Bambo anatulukira pakona ya msewu, malaya oyera aja atanyowa ndi thukuta, chipewa chitagwera kaya kuti. Atafika anagwada pamchenga pamaso pa msipayi, munthu woti anawoloka mtsinje kuthawa anthu a zisoti zomwezo. Anaomba m'manja, anatulutsa kalata ija, akungobwereza liwu limodzi, "Mwanaka, mwanaka," ndiko kuti mwana wanga. Msipayi anayang'ana kalata, anayang'ana nkhope yawo, anayang'ana yanga. Mphumi yathu ndi imodzi, sitikanika. Anandikankhira kwa iwo n'kulavula pansi.

Bambo sanandimenye, ngakhale ndinkayembekezera. Tinabwerera kudoko n'kukhala pansi pa mtengo, iwo akupumira m'mwamba. Mantha atatha, mwano unabwerera, poti ndinali nawo wokwanira mudzi wonse.

"Ndinakuitanani kambirimbiri," ndinatero. "Simunamve?"

Anasasa mchenga m'maondo. "Ndinamva," anayankha m'Chilomwe. "Ndinamva mwana wina akuitana abambo ake. Ndinamumvera chisoni, koma ine ndimafuna wanga."

Sanawonjezerepo kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Lolemba katundu anayezedwa, Lachitatu tinanyamuka ndi mchere ndi nsalu. Patapita masiku ambiri phiri linaonekera kutali, lobiriwira ngati utsi, ndipo ndinalira osadziwa kuti ndikulirira chiyani.

Kusukulu anapitiriza kunditcha Kanguru, ndipo zinkandipwetekabe, ndisaname. Koma pakhomo ndi pamsewu, pamaso pa aliyense, ndinawaitana Atithi mpaka tsiku limene tinawaika m'manda ku Limbuli. Nthawi ija ndinkayesa kuti ndinasochera kwa ola limodzi mumzinda wa eni. Tsopano ndikudziwa kuti iwo anali atandifunafuna chaka chathunthu, tikudyera khonde limodzi, phiri lili pomwepo.