Tsiku Limene Anandipaka Ufa ku Nangongwe

Mbiri ya mtendere m'dziko la Zambia ikadzalembedwa mwachilungamo, ine ndidzafunika tsamba langalanga. Ndine munthu amene ndinaletsa nkhondo ku Nangongwe, mabanja awiri atatsala pang'ono kugwirana pakhosi maliro asanaikidwe. Ntchito yaikuluyi ndinaigwira nditakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, nkhope ili mbuu ndi ufa, ndipo sindinatulutse liwu lanzeru ngakhale limodzi.

Womwalirayo anali mlamu wanga, mwamuna wa alongo anga aakulu. Anagwira ntchito ku fakitale mpaka pamene anayamba kuchotsa anthu, kenaka n'kumayendetsa minibasi ya munthu wina pakati pa Kafue ndi Lusaka. Matenda a shuga ndiwo anamutenga, pang'onopang'ono, tonse tikuona. Anasiya mkazi, ana awiri ndi nyumba imene anamanga awiriwo, alongo angawo akusenza okha madzi osakanizira simenti.

Akulu ake a malemu anafika kuchokera ku Katete ndi adzukulu awo awiri, amuna a mapewa otambalala. Asanalire n'komwe anakhoma chipinda chogona, nachotsa makiyi onse pa msomali wa kuseri kwa chitseko, n'kuwaponya m'thumba la jekete. M'mawa wa tsiku loika maliro anakoka mpando, nakhala pakhomo penipeni, nayankhula moyang'ana m'nyumba mmene alongo anga anakhala pamphasa pakati pa azimayi.

"Mulamu, mng'ono wanga anachoka kwathu ali wonenepa. Mutiuze chimene munamudyetsa. Ndipo tikachoka kumanda, inu mutenge ana muzipita kwanu. Nyumba ino ndi ya magazi athu."

Namfedwa sayankha. Amakhala choweramitsa mutu, kaya amunene zotani. Ndinangoona zala za alongo anga zikufinya mphepete mwa mphasa.

Mkulu wa mphakati wathu wa Katolika, munthu wofatsa amene anayanjanitsa maukwati ambiri m'komboni, anayandikira chipewa chili m'manja, napempha kuti tiyambe tapemphera.

"Pempherani," anatero akulu aja. "Ine sindinatseke pakamwa pa munthu. Ndatseka chitseko chabe."

Nyimbo ya azimayi m'nyumba inafera panjira. Panja, madalaivala anzake a malemu amene anabwera kudzanyamula bokosi anayamba kuimirira mmodzimmodzi. Wina anawerama n'kutola chikuni pa mulu wa nkhuni za pamaliro. Adzukulu a ku Katete aja anasendera kumbuyo kwa mpando wa amalume awo. Aliyense ankadziwa kuti chikunicho chikangotera pamutu pa munthu, nyumba yapita, chifukwa pambuyo pa magazi palibenso wokhala pansi n'kukambirana.

Apa amayi anga anatembenukira kwa ine. Ndiyenera kufotokoza kuti m'banja mwathu ndine ndinapondako ku koleji. Ndinabwerako msanga kuposa anzanga, ndiponso wopanda pepala, koma ulemuwo unatsala.

"Iwe wa ku koleji, kamba," ananong'ona.

Ndinaimirira, ndinakonza kolala, ndinatsokomola monga amachitira anthu ophunzira.

"Malinga ndi malamulo a dziko lino..."

"Khala pansi, mwana iwe," anatero akulu a ku Katete aja.

Ndinakhala.

Nthawi yomweyo panamveka phokoso pageti. Anali azimayi a Chibemba a kumsika, akubwera ndi beseni la ufa. Ife a kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya. Pamaliro athu iwo amabwera kudzaphika, kudzatitukwana ndi kutilanda zinthu kuti tiziwombole. Pamaliro awo ife timabwezera. Iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani ndipo ndi akuba. Lamulo lake ndi limodzi: mbuya wako sumukwiyira. Wokwiya amasekedwa mpaka kwawo.

Patsogolo panali mayi wina wojintcha, wogulitsa nsomba zouma. Anaima pageti, nayang'ana mpando wa pakhomo, chikuni, ndi nyumba ya ziii. Sanafunse munthu. Ndinaganiza kuti alunjika pakhomopo, koma analunjika kwa ine, nandilonjera m'Chibemba.

"Shani, iwe wodya mbeba! Uyu ndiye profesa wa banja? Uja anayenda ku koleji kukaona chabe mageti?"

Dzanja lodzaza ufa linanditera kumaso. Ndisanapenye, anzake awiri anali atandigwira miyendo n'kundivula nsapato.

"Izi zamangidwa," analengeza, atazikweza m'mwamba kuti onse aone chibowo cha kunsi kwa yakumanzere. "Onani, windo ya ofesi ya ba profesa."

"Anyani inu," ndinatero, koma mawu anatuluka ngati a mwana wa mbuzi.

Palibe anaseka, kupatula mayi wina kumoto amene anadzitseka pakamwa msanga. Mbuyayo sanasamale. Anapita kwa mkulu wa mphakati, namuthira ufa pa dazi, namulanda chipewa. Mkuluyo anapisa m'thumba mwaulemu n'kuwombola. Anafika kwa dalaivala wa chikuni uja, namuchotsera m'manja ngati akulandira mphatso.

"Natotela, mwana wanga, nshima izapsa bwino."

Mnyamatayo anatsala akuyang'ana chikhatho chake. Mayiyo anapitiriza, munthu ndi munthu, wa kuchimuna ndi wa kuchikazi yemwe, osadumpha aliyense. Tonse tinayamba kuona kumene mzerewo ukathere. Akulu a ku Katete nawonso anaona. Kuchoka sakanatha, poti anali kulondera khomo.

Mayiyo atafika, anangodzikhazika pamiyendo pawo, mpando n'kulira.

"Mwamuna wanga wa ku Katete! Wabwera osanibweretsera olo kambeba kamodzi?"

Ufa unatsika pamutu, pa nsidze, pa jekete lakuda. Dzanja linalo linalowa m'thumba, ndipo tonse tinamva makiyi akulira. Pomwepo akuluwo anamugwira pamkono.

Adzukulu aja anasuntha phazi. Madalaivala nawo anasendera. Ndinaona misempha ikutukuka pa dzanja la akuluwo, ndipo ufa unali kugwa pang'onopang'ono kuchoka pa chibwano chawo. M'nyumba, mwana wamng'ono wa malemu anayamba kulira, wina n'kumutontholetsa. Ine ndinaganiza zothawa, koma pansi panali minga ndipo ndinalibe nsapato.

Mayiyo sanakoke mkono wake. Anawayang'ana m'maso, nayankhula mokweza kuti ndi a kumsewu omwe amve.

"Finya, mwamuna wanga, finya. Ukafike ku Katete ukakambe ati ninathyola mbuya dzanja pamaliro ya mufana wanga. Manje tsiku yako ikafika, azakuphikira anthu ndani? Azakuimbira ndani? Si ine?"

Zala zija zinakhalabe pamenepo kanthawi kotalika kwambiri. Kenaka zinamasuka, chimodzichimodzi.

"Zingati?" anafunsa akuluwo ndi mawu okhakhala, akupisa m'thumba lina.

"Izi sizigulitsiwa. Si ndimwe mumakamba ati Abemba ni akawalala? Naba. Nyumba ni yanga."

Ananyamuka, nalowa m'nyumba, nagwada pamphasa. Tinasuzumira pazenera. Anamanga makiyiwo pa nsonga ya chitenje cha alongo anga, mfundo ziwiri zolimba.

"Sunga, iwe wanchito wanga. Ukataya nizakupitikisa."

Palibe mwamuna, kaya wa ku Katete kaya wa kwina, amene angagwire chitenje cha namfedwa pamaso pa anthu. Akuluwo anadziwa zimenezo. Anapukuta kumaso ndi mpango, ufa n'kungopakika ponseponse. Anayang'ana adzukulu awo, nayang'ana ife tonse oyera ngati mizukwa.

"Anyani inu," anatero, motsitsa.

Sanaseke, koma tonse tinapuma. Munthu akatukwana mbuya wake ndiye kuti walowa m'masewera, ndipo wolowa m'masewera samenya. Azimayi anayambanso nyimbo pamene inathera.

Nkhani ya nyumba inakambidwa tsiku lotsatira, akuluakulu a mbali zonse ndi a mphakati atakhala pansi. Panali mawu owawa, koma makiyi anali kale kumene anali. Akuluwo anabwerera ku Katete ndi zovala za mng'ono wawo ndi wailesi. Alongo anga ndi ana akukhalabe m'nyumbamo.

Koma m'mawa uja, lole yopita kutchalitchi italiza hutala, ine ndinali ndidakali wopanda nsapato. Ndinatsatira mbuyayo monyang'ama, ndikumufotokozera kuti sindili pantchito, kuti nsapatozo n'zobooka, ndiponso kuti ine ndiye ndinamutsegulira njira.

"Ba profesa, mtengo ni umodzi."

Ndinalipira twente kwacha.