Nthenda Yochokera Kuchimuna

Che Uladi ndinawadziwira pa msika wa Balaka, m'zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Ankagulitsa nsomba zouma za ku Chiuta, makumba ndi milamba, zimene ankabwera nazo m'madengu pa sitima ya ku Nayuchi. Ine ndinkaphunzitsa pa sukulu ya mishoni, ndipo ndiwo ndinkagula kwa iwo. Sindinena kuti anali munthu wodabwitsa. Anali wamalonda wamba, wouma pa mtengo, wosajomba ku mzikiti Lachisanu.

Anabadwira ku Chikweo, n'kukakwatira chikamwini m'mphepete mwa Chiuta. Monga mwa mwambo wathu, ana a alongo awo ndiwo anali mbumba yawo, ndipo mwana akadwala kumeneko mawu omaliza anali awo. Ana awo obereka okha anali ndi mwini wake, Che Hassani, mlongo wa akazi awo.

Atapitirira zaka makumi anayi anayamba kumva kupweteka m'mbali mwa msana, mkodzo ukutuluka ndi magazi. Kunyanja zimenezo sadabwa nazo, amangoti likodzo. Anamwa mankhwala a likodzo kangapo, osasintha. Mimba inayamba kukula, miyendo ikuwonda. Ndiye anandipempha kuti ndiwaperekeze ku chipatala cha mishoni, chifukwa dokotala anali mzungu ndipo iwo sankafuna womasulira wosamudziwa.

Dokotala anawagoneka n'kuwasinika mimba mbali zonse ziwiri. Kenaka anati ndiwafunse ngati kwawo alipo anadwalapo chonchi. Che Uladi anatchula amayi awo, amalume awo, alongo awo, onse abwinobwino. Dokotala anafunsa za bambo awo.

"Aphunzitsi, afunsa za abale anga kapena za bambo?" anatero Che Uladi. "Bambo anachoka ndili wamng'ono, anakakwatira kwa Kawinga. Ndinangomva kuti anamwalira mimba itatupa. Koma amenewo ndi a mtundu wina."

Dokotala anafotokoza, ine ndikumasulira zina ndisanazimvetse. Anati mu impso muli timipaipi tosefa magazi, ndipo makoma ake ndi omangidwa ndi tizidutswa tamoyo tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. Maselowo amatsata malangizo amene munthu amabadwa nawo, theka lochokera kwa mayi, theka kwa bambo. Mwa Che Uladi langizo limodzi linabwera lolakwika. Choncho maselo ena amachulukana mopitirira, khoma limafufuma n'kukhala kathumba ka madzi, ndipo timatumbato timakula pang'onopang'ono mpaka kupanikiza impso zonse ziwiri. Mankhwala ochotsa timatumbato kunalibe, koma otsitsa kuthamanga kwa magazi analipo. Anatinso mwana aliyense wa munthu wotere akhoza kutengera kapena osatengera, ndipo ndi bwino ana akaonedwe.

"Theka kwa bambo," anatero Che Uladi panjira. "Nanga mimba anasenza ndani? Anayamwitsa ndani?"

Ulendo wotsatira anabwera ndi anyamata a alongo awo, atawasiyitsa ntchito ya kumunda. Dokotala atamva kuti alongowo ndi a bambo wina, anati anyamatawo alibe nkhani, iye ankanena ana obereka okha. Che Uladi anatchula Lukiya, mwana wawo woyamba. Anali ndi pakati koyamba, mapazi akutupa, mutu ukumuwawa masiku onse. Dokotala anati abwere naye msanga, chifukwa ngati magazi akuthamanga, mayi ndi mwana yemwe akhoza kufa.

Vuto linali lakuti bambo alibe mphamvu yotenga mwana woyembekezera n'kupita naye kutali. Anayenera kupempha kwa Che Hassani. Zimene anakambirana anandiuza ndi Che Uladi, ndipo Che Hassani atazimva pambuyo pake sanatsutse.

"Alamu," anatero Che Hassani, "mukuti mwana wa mlongo wanga akudwala matenda a bambo anu? Bambo amene inuyo simudziwa ngakhale manda awo?"

"Ndi zimene akunena achipatala."

"Achipatalawo anawaona bambo anu?"

"Iyayi. Anasinika mimba yangayi."

"Ndiye asinika inu, n'kuona munthu wakufa kwa Kawinga, n'kuonanso Lukiya ali kuno. Mzungu ameneyu amaombeza bwino."

"Inenso sindikumvetsa, alamu. Koma mapazi a mwanayu mwawaona."

"Woyembekezera aliyense amatupa mapazi. Azimayi akonza kale, achirira pompano monga anachirira amayi ake. Inu munabwera kudzalima ndi kumanga nyumba. Za magazi a mbumba yanga zisiyeni."

Apa Che Uladi anachita chimene mkamwini sachita. Anakwinya mkanjo wawo pabwalo, apongozi awo ali chapafupi, n'kugwira dzanja la Che Hassani, n'kulisinikiza m'mbali mwa mimba. Pansi pa khungu panali chinthu cholimba, chamabampu ngati chinangwa chokumbidwa m'miyala. Anasamutsira dzanjalo mbali inayo. Nakonso chimodzimodzi.

"Ichi si cha kwanu, ndikuvomera," anatero Che Uladi. "Ndi changa. Ngati chili mwa Lukiya, palibe wina anamupatsa."

Che Hassani anachotsa dzanja n'kulipukutira pa malaya. Anayang'ana kunyumba kwa Lukiya nthawi yaitali.

"Ngati ndi chanu, munyamuleni nokha. Koma akakafera kumeneko, mudzabwera kudzandiyankha pamaso pa anthu."

Kuchipatala anapeza kuti magazi a Lukiya akuthamangadi kwambiri. Anamugoneka, ndipo anachira masiku asanakwane, mwana wamkazi wamng'ono koma wamoyo. Che Uladi anafunsa ngati tsono zatsimikizika kuti Lukiya anatengera. Dokotala anati sangadziwe, chifukwa timatumbato timabisala mpaka munthu atakula, ndipo magazi amatha kuthamanga ndi pakati pokha. Che Uladi anafunsanso za khanda, ngati ilo lili ndi theka la thekalo. Yankho la dokotala ndinamasulira kawiri, koma tonse awiri tinatuluka tikuyang'anana, osalimvetsa.

Che Uladi anapitiriza malonda zaka zingapo, akumwa mankhwala, mpaka impso zinalephera. Anakaikidwa ku Chikweo, kwa amayi awo.

Lukiya achipatala anamuuza kuti azibwerabe kudzayezetsa magazi, ndipo amene amamuperekeza tsopano ndi Che Hassani. Akatsika sitima amadzera kwanga kuti ndikawamasulire. Ulendo wathawu Che Hassani anandiimika pachipata cha chipatala, Lukiya ali patsogolo ndi mwana wake.

"Aphunzitsi, lero mumufunse bwinobwino mzunguyu. Ngati matenda ndi a kuchimuna, chifukwa chiyani ndikuyenda nawo ine?"

Ndinati ndikafunsa. Iwo anandisiya pomwepo n'kuthamangira kukamugwirira Lukiya malo pa mzere.