Ndinamubisa m'chigafa

Mwana wanga wachisamba atabayidwa katemera wa chikuku ku sikelo, panangotha sabata, thupi lake moto. Masiku awiri osayamwa, kumangolira. Ndinapsa mtima. Mwana ndapita naye akuseka, ndiye andibwezere wodwala? Ndinalumbira kuti aliyense amene ndidzabereke, jakisoni ameneyo sadzamuona.

Nthawi imeneyo tinali matenanti pa esiteti ya fodya kufupi ndi Nsaru. Wachiwiri, mtsikana, atakwana miyezi yake, alangizi a zaumoyo anabwera pa njinga kudzabaya ana pa esitetipo. Ine ndinamulowetsa m'chigafa, n'kumugoneka pa chiguduli kuseri kwa fodya wopachika. Atandifunsa ndinati ali kwa azakhali ake ku Kasiya. Ndinanama maso ali gwa. Amuna anga anali kumunda, sanadziwe kanthu.

Chikuku chinafika chaka chotsatira, nyengo yosankha fodya. Ana awiriwa ankagona mphasa imodzi, kumwera chikho chimodzi. Wamkulu uja ngakhale kuyetsemula, ayi ndithu. Wamng'onoyo zidzolo thupi lonse, maso psuu, kupuma ngati wathamanga.

Kuchipatala anamwino anayang'ana khadi lake la kusikelo, pamalo pa chikuku palibe cholembedwa. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Ndinawauza za kutentha thupi kwa wamkulu kuja.

"Mayi, kutentha kuja sikunali matenda," anatero. "Anali asilikali a m'thupi mwake akudzuka, kuphunzira nkhope ya kachilombo ka chikuku. Kenikeni katabwera anakazindikira msanga. Asilikali a uyu akukaona koyamba, ndipo kawapitirira kale."

Anamwalira tsiku lachinayi.

Pamaliro pomwepo apongozi anga aakazi anayamba kunong'ona. Kwathu mwana akadwala chikuku makolo amadika, sagonana mpaka achire. Ndiye poti wafa, basi wina sanadike. Mwana wawo sakanamuloza chala, analoza ine, ati ndinali pachibwenzi ndi kapitawo wa pa esiteti. Kapitawo! Munthu wonunkha kachasu dzuwa lisanakwere uja?

Amuna anga anakhulupirira. Ukwati unatha fodya wina asanabzalidwe.

Ndikanatha kuwatseka pakamwa onsewo. Khadi lija ndili nalo mpaka lero, pansi pa sutikesi. Koma kulitulutsa ndiye kuwauza bambo a mwanayo zimene ndinachita m'chigafa muja, ndipo mtima umenewo ndinalibe. Ndinalola kutchedwa hule. Zaka zonsezi akhala akunditukwanira tchimo limene sindinachite. Lenileni lija palibe amene anandifunsapo.